Watenga EC, ukufuna thiraki ya kunja? Khala pansi kaye mphwanga

Anyamata ambiri akangotenga EC, laisensi yoyendetsera mathiraki akuluakulu okoka ngolo, ku Road Traffic amaona ngati basi zatheka, chatsala nkupatsidwa makiyi a hosi, mutu wa thiraki wokoka ngolo uja, azikajambulitsa ku Joni atatsamira bampala. Inenso ndinali choncho, sindikunyoza munthu. Koma mphwanga, kugwira chiwongolero ndi kusintha magiya ndi kagawo kochepa zedi ka ntchito imeneyi. Ntchito ya thiraki ya kunja ndi kudikira. Udikira pa doko, udikira ejenti wokonza mapepala a katundu, udikira netiweki ya akasitomu ibwere, udikira abwana atumize ndalama za misonkho ya msewu, nde ukakhala masiku atatu pamalo amodzi ukungoyang'ana ngolo ya mnzako wa kutsogolo, tsiku lomwe akumasula mtima umakuuza kuti ponda ubweze nthawi yonse ija. Anzathu angapo omwe tinakawatenga ali m'bokosi anapita choncho, sikuti sankatha kuyendetsa ayi, ena anali akatswiri kuposa ine.

Tiyambe ndi mapepala poti ndi omwe amagoneka munthu pa boda. EC payokha siyikwana, pafunika PrDP, pemiti ya dalaivala woyendetsa ngati ntchito, ya G ngati ukunyamula katundu wamba, ya D ngati ndi zoopsa monga mafuta, ndipo ili ndi tsiku lakelake lothera, ambiri amakadzidzimukira pa rodibuloko. Pasipoti uziyiona ngati tayala, imatha. Tawerenga wekha: ulendo wa Joni wodzera ku Tete udinditsa pa Mwanza, pa Zobue, pa Cuchamano, pa Nyamapanda, pa Beitbridge mbali ya Zimbabwe kenako mbali ya South Africa, zidindo 6 popita 6 pobwera, 12 ulendo umodzi wokha. Masamba akatsala anayi yamba kale kuthamangira ina chifukwa pasipoti siyituluka tsiku limodzi, ndipo kampani siyidikira munthu, thiraki yako apatsa wina. Kumbali ya galimoto pafunika COF, pepala loti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu, ya hosi payokha ya ngolo payokha, pemiti yotulukira kunja, kalata ya kampani yoti wakulola kutuluka ndi galimotoyo, ndi inshulansi. Inshulansi ya Yellow Card ya COMESA imagwira ku Zambia, Zimbabwe ndi Tanzania, koma ku Mozambique siyigwira, kumeneko ugula yawo pa boda. Usayisokoneze ndi khadi lina lachikasu la katemera wa yellow fever lija, limenelonso lizikhala m'chikwama, pali malo ena amalifunsa.

Koma mapepala omwe amavutitsa kwambiri ndi a katundu. Ejenti akakupatsa usangoti thank you nkuponya pa dashibodi. Tsika nawo, ima kumbuyo kwa ngolo, uwerenge nambala imodzi imodzi chala chili pa pepala: nambala ya hosi, ya ngolo, ya kontena, ya silu yomwe amatsekera katundu. Ine ndinaphunzira ndi misozi. Tsiku lina Lachisanu masana ndafika pa boda ndili bhobho, mapepala onse mmanja, akasitomu kungoyang'ana pa kompyuta kenako kuyang'ana ngolo, akuti galimoto iyi si imeneyi. Ejenti polemba anatembenuza manambala awiri a ngolo, pomwe panayenera kukhala 47 panali 74, basi kanthu kameneko. Woti akonze anali ataweruka, Loweruka foni yake osayankha, Lamulungu nde musanene, ndinachoka pamenepo Lachiwiri nditadya ndalama yonse ya ulendo ndisanayende olo theka la njira. Ndikanawerenga pomwe amandipatsa zikanakonzedwa mphindi khumi. Kuyambira pamenepo pepala lililonse ndimalijambula pa foni nkudzitumizira pa WhatsApp, ndipo mafotokope amakhala mu envelopu ina pansi pa matilesi, kuti wina akakulanda enieniwo usatsale manja lende.

Mmawa uliwonse usanalize injini zungulira galimoto, olo unazungulira dzulo madzulo. Madzi, oyilo, yang'ana pansi ngati chilipo chadontha usiku. Gogoda matayala onse ndi chitsulo kuphatikiza amkati aja omwe aulesi amawadumpha, laphwa limalira mosiyana, khutu lizolowera. Manati a mawilo uziwayang'ana ngati pali kamzere ka dzimbiri kochokera pa nati, ndiye kuti yayamba kumasuka. Kokera timawaya ta pansi pa matanki a mpweya madzi atuluke, makamaka ukamachokera kotentha konyowa ngati ku Beira. Ukaliza, dikira mageji a mpweya adzadze, kenako zimitsa umvetsere, kakuti psss kalikonse kafufuze, nthawi zambiri ndi ma suzi, mapaipi a mpweya ochoka ku hosi kupita ku ngolo, wofiira kapena wachikasu uja, akhuzika penapake. Pokoleka ngolo usakhulupirire phokoso lakuti kha lokha, lowa pansi ndi tochi uone ndi maso ako kuti fifth wheel, chimbale cha pa hosi chija, yagwira kingpin, chitsulo cha pansi pa ngolo, kenako mabuleki a ngolo ali chimangire koka pang'ono umve ngati ikukana, ukatero nde ukweze miyendo. Ngolo yogwa pa geti la kasitomala anthu akuona, dzina lako limafika ku Kanengo iwe usanafike.

Nkhani ya sikelo. Anyamata amangodziwa kuti malire ndi matani 56 zonse pamodzi, nde amadabwa akagwidwa ali pansi pa 56. Sikelo imayeza ma ekiselo mphwanga, gulu lililonse palokha. Utha kukhala bwinobwino pa kulemera konse koma katundu waunjikana kutsogolo, ma ekiselo a hosi apyola, wagwidwa basi. Nde pomwe akupakira usakagone mu kabini kapena kukacheza ndi ogulitsa nthochi. Ima pomwepo. Matumba a feteleza a 50kg akakhala 600 ndi matani 30, awerenge wekha mizere yake, uwauze anyamata opakira pomwe ayambire ndi pomwe asanjikize, amanyinyirika koma kabotolo ka fanta kamathetsa nkhani. Iwo akamaliza akupita kwawo, woti akaime pa sikelo ya pa Mwanza, pa Balaka, pa Songwe kapena pa Vigwaza ku Tanzania ndi iwe. Ndipo kupyola malire sikuthera pa kulipira kokha, amakuimika mpaka utsitse kapena usanjenso katundu, ufune anthu aganyu, tsiku lapita. Bwana akati onjezerako matani awiri sangaone, muuze alembe pa meseji. Ambiri akamva choncho amasintha maganizo okha.

Ukamanga tenti ndi malamba, yenda makilomita ngati 50 uime ukokenso, katundu akagwedezeka amakhazikika malamba nkukhwepa. Nthawi ya mvula tenti ya kutsogolo izikhala pamwamba pa ya kumbuyo polumikiza, ukatembenuza mphepo imalowetsa madzi, ndipo shuga kapena simenti yonyowa idulidwa pa malipiro ako.

Tsopano mapiri. Apa ndichedwapo pang'ono chifukwa ndi pomwe sukulu yoyendetsa siyiphunzitsa, iwo amakuphunzitsa ndi ngolo yopanda kanthu pamalo a fulati. Matani 30 kumbuyo pa Chiweta ndi nyama ina. Chimodzimodzi pa Kitonga ukadutsa Iringa kulowera ku Dar es Salaam, kapena kutsetsereka kuchoka ku Tukuyu kubwera pa Kasumulu, olo kuchoka pa Zobue kutsikira ku Moatize. Madala omwe anandiphunzitsa ankati giya yomwe ungakwerere phirilo ndi yomwe utsikire, ndipo uyisankhe uli pamwamba usanayambe kutsika, osati galimoto itathamanga kale. Gwiritsa ntchito retarder, chochepetsera liwiro osaponda mabuleki, kapena buleki ya ekizozi kuti ndi imene igwire galimoto, phazi lizingothandizira, kuponda ndithu liwiro litsike kenako kusiya mabuleki apume. Ukamangogoneka phazi pa pedulo njira yonse, madilamu amatentha, uyamba kumva kafungo ngati ka mphika wopserera, kenako uponda galimoto osamva, mpweya nawo ukutsika. Ukangomva kafungoko pezeratu poima mabuleki akadalipo, udikire azizire okha, osawathira madzi. Ndipo chonde zija zoika fri potsetsereka kuti usungeko dizilo wogulitsa, zimenezo zinapha anthu ambiri, malita asanu omwe wapulumutsa sakwana olo mtengo wa bokosi. Kumbali inayi, ukakhala wopanda katundu mvula ikugwa, retarder uyichepetse kapena kuyizimitsa, matayala a hosi amatha kutsetsereka ngolo nkukupinda ngati mpeni.

Za tulo nde nkhani yeniyeni ija ndinayamba nayo. Zimayenda chonchi: wagona pa mzere pa Nyamapanda masiku awiri, tulo take ta nkhuku chifukwa mzere ukasuntha iwe uli mtulo anzako akudumpha, akumasula cha mma 5 madzulo, foni ya abwana yalira kale kanayi akuti kasitomala akufuna katundu mawa, pa tracker akuona kuti wayima. Nde umati ndingoyenda usiku wonse. Mpaka cha mma 11 zimakhala bho. Kuyambira cha mma 2 mpaka kukamacha thupi limazima lokha olo utamwa ma energy atatu, olo utsegule mawindo, olo uyimbe nyimbo za kwaya. Chizindikiro choyamba sikuyasamula ayi, ndi kuzindikira kuti sukukumbuka makilomita khumi apitawa, wadutsa tauni yonse osayiona. Chachiwiri uyamba kuona zinthu, ine ndinapondapo mabuleki mwamphamvu chifukwa cha ng'ombe zitatu zomwe zinaima pakati pa msewu, nditaima bwinobwino panalibe ng'ombe, unali mthunzi wa mtengo. Ukafika pamenepo wagona kale, maso okha ndi omwe ali otsegula. Mankhwala ake ndi amodzi, kuima nkugona, olo mphindi 30 zimasintha zinthu. Nthawi ina yoopsa ndi masana ukangodya nsima, makamaka ku Tete mwezi wa October ndi November kutentha kukupyola madigiri 40, msewu ukuchita kunyezimira ngati madzi.

Abwana ukawayankha bwanji? Osakangana nawo, osazimitsanso foni. Alembere meseji yaulemu: bwana ndamasulidwa 5 koloko, ndakhala maola akutiakuti osagona, ndigona pamalo akuti, ndinyamuka 4 mmawa, ndifika nthawi yakuti. Akalipa, koma mawa aiwala. Ukagwetsa galimoto saiwala, ndipo mu ofesi funso loyamba limakhala lakuti katundu ali bwanji, la dalaivala limabwera pambuyo. Zija amalemba kumbuyo kwa maminibasi kuti kuthamanga sikufika timaziseka, koma amene ali pa malipiro a pa ulendo ndi amene ayenera kuziwerenga kawiri, chifukwa kalipiridwe kameneko kamakukankha kuti uzithamangitsa ulendo wachitatu pa mwezi thupi likukana.

Pa boda pali nzeru zake zochepetsera kudikirako. Mapepala atumize kwa ejenti wa kutsogolo usanafike, ayambe kuwalowetsa iwe uli mnjira, ndipo uziyimba kufunsa ngati zalowadi, osangokhulupirira kakuti zili bho akulu. Yesetsa kusafika Lachisanu madzulo ndi katundu wofuna kuyendera. Ukamapita ku Tanzania kumbukira kuti ukangowoloka Songwe wotchi yawo ili patsogolo ndi ola limodzi. Ku Zimbabwe ukamangodutsa amakupatsa masiku atatu kuti ukhale utatuluka, katundu wina amamumata silu yamagetsi yoonetsa pomwe uli, nde zopatuka kukaona chibwenzi ku Chitungwiza iwalako, galimoto ikawonongeka dziwitsa ejenti nthawi yomweyo kuti akanene, osadikira masiku athe. Madobadoba adzakuzungulira ukangotsika, aliyense akuti ndimadziwana ndi abwana amkati. Pasipoti yako usapatse munthu, kadinditse wekha. Osintha ndalama nawo ali ndi manja othamanga kuposa amatsenga, werenga zawo kaye uzigwire mmanja, kenako upereke zako, akati tabweretsa ndiwerengenso, dziwa kuti zina zikukatsala mmanja mwake.

Ku Mozambique khala ndi ma triangle awiri, chijekete chonyezimira chija ndi chozimira moto chomwe sichinathe ntchito, amazifunsa. Ku Tete mathiraki olemera amadutsa pa mlatho wa Kassuende womwe unatsegulidwa mu 2014, wakale wa Samora Machel uja usiyire magalimoto ang'ono. Chigawo cha Tete ndi Angonia chilankhulo sichivuta, Chichewa ndi Chinyungwe zimamvana, koma ukadutsa Changara kulowera Guro, Catandica, Chimoio, Inchope mpaka Beira, ka Chipwitikizi kamathandiza. Bom dia chefe, obrigado, documentos, multa (chindapusa), recibo (lisiti), timawu timeneti tokha timafewetsa nkhope ya wapolisi. Za refresco sindikunamiza kuti kulibe, ziliko msewu wonse ngati mmene kwathu kuno ya fanta iliri. Chomwe ndinaona ine nchakuti amene mapepala ake ali bwino, magetsi onse akuyaka, matayala abwino, ndipo sakuoneka wothamanga, amangomuchedwetsa pang'ono nkumusiya. Amene amadyeredwa ndi uja akuoneka kuti wachedwa. Akakulemba mlandu weniweni pempha lisiti, popanda lisiti ku ofesi sakubwezera olo tambala.

Ku Tanzania kuli makamera a mmanja mmidzi yonse ya mmbali mwa msewu, pa 50 yenda 50, ndipo podutsa mu Mikumi muli nyama zenizeni, ukagunda ulipira.

Pali zinthu zitatu zomwe zimaoneka ngati dhilu koma zimathera ku ndende kapena ku manda. Choyamba kugulitsa mafuta. Aliyense amadziwa malo omwe anyamata amaima ndi zigubu akukupiza dzanja, ndipo malipiro akachepa mayesero amakula, sindikukana. Koma masiku ano matanki ali ndi masensa, ku ofesi amaona dizilo akutsika galimoto ili chiimire. Ndipo amene tinalipo mu November 2016 sitiiwala za ku Caphiridzange m'boma la Moatize, thanka ya petulo yomwe imabwera kuno inaphulika anthu atayizungulira ndi zigubu, anthu oposa 70 anapsa, ana omwe. Ngati uli pa thanka, usayatse moto pafupi olo wa fodya, ndipo pa depoti ona madipu, muyezo wa mafuta omwe ali mu thanka, ndi masilu ndi maso ako usanasayine, chifukwa mafuta akashota pofika ku madepoti a ku Matindi, Kanengo kapena Sonda awerengera pa iwe. Chachiwiri kunyamula anthu obisa. Mu March 2020 pa sikelo ya pa Mussacama ku Tete anatsegula kontena yochokera kuno nkupezamo anthu 64 a ku Ethiopia atafa chifukwa chosowa mpweya. Ndalama yomwe amalonjeza ndi yambiri inde, koma tangoganiza kutsegula chitseko chimenecho. Chachitatu timakatundu totumizidwa, aise kandiperekereko kachikwama aka kwa mlamu wanga ku Joni. Ngati sakulola kuti utsegule uone mkati, kasiye. Agalu a pa Beitbridge sadziwa za mlamu.

Pogona sankha pomwe pali mathiraki ena, magetsi ndi mlonda, lipira kandalama ka mlondako osadandaula. Akuba amafuna mabatire, dizilo, sipeya ndi tenti, ena amakwera ngolo pa chitunda pomwe ukukwawa nkumang'amba tenti kugwetsa matumba iwe osamva kanthu, nde malo otere yesetsa kudutsa kukuwala, kapena muzitsogozana awiri wa kumbuyo aziunikira mnzake. Munthu akakuimika usiku pathengo akuloza matayala ako, usaime, kayimire pa anthu. Lowa mmagulu a WhatsApp a madalaivala a njira yako, muli phokoso ndi mavidiyo opanda pake koma nkhani ya msewu imafika mmenemo wailesi isanamve. Njira zathuzi zimasintha tsiku limodzi: mu 2016 pakati pa Vanduzi ndi Changara timayenda pa mdipiti woperekezedwa ndi asilikali, mu March 2019 namondwe Idai anadula msewu wa ku Beira, mu July 2023 anawotcha mathiraki pa Van Reenen pa msewu wa N3 wopita ku Durban, kumapeto kwa 2024 zionetsero za pambuyo pa chisankho ku Mozambique zinatseka misewu mathanka nkuima masiku. Ukamva kuti kutsogolo kwavuta, ima pomwe uli pabwino. Katundu ali ndi inshulansi.

Poti kudikira nkosapeweka, nyamula ngati ukukakhala kawiri masiku omwe akuuza. Ufa, bonya kapena usipa, nyemba, soya pieces, anyezi, mafuta ophikira, kasitovu ka gasi kapena mbaula ngati katundu wako akulola, ndi zigubu ziwiri za madzi, china chakumwa china chosamba. Kudya za pa chiwaya tsiku ndi tsiku kumatha ndalama komanso thupi, taona madala ambiri a mathiraki mimba kutsogolo, BP, shuga, msana. Ukaima yenda wapansi kuzungulira galimoto kangapo, ukuyendera matayala komweko ukuwongola miyendo. Imwa madzi, ambiri amadzimana kuti asamaime pafupipafupi, impso zimadzalipira. Neti ya udzudzu ikhale mu kabini, ku Beira ndi ku Tete udzudzu wake si wamasewera, ndipo thupi likatentha kayezetse malungo tsiku lomwelo, osangomwa panado nkumayendetsa. Ngati uli pa ma ARV kapena mankhwala a BP tenga a mwezi wowonjezera, ulendo wa masiku khumi umasanduka wa masabata asanu osakuuza.

Za akazi a mmaboda sindilalikira, ndiwe wamkulu. Munthu wakhala sabata pa mzere, ndalama ya alawansi ili mthumba, kugogoda pa chitseko cha kabini usiku kumabwera kokha. Ndingoti makondomu azikhala mgalimoto olo ukuti ine sindingachite, ena amathandiza mnzako. Zikachitika mosakonzekera pali PEP, mankhwala oteteza ku HIV zitachitika kale, iyambidwe asanathe maola 72, ndipo PrEP, yomweratu zisanachitike, iliponso kwa amene akudzidziwa. Pa Mwanza panatsegulidwa kachipatala ka madalaivala mu 2005, ka mu kontena, ndipo a bungwe la North Star Alliance ali ndi tina totere mmalo angapo mnjira za kuno kummwera, umalowa nkutuluka mzere usanasunthe. Akunyumba aziyimbiridwa tsiku lililonse olo mphindi ziwiri, gula simu ya dziko lomwe umapitapita uziika kabandulo, roaming idya malipiro onse.

Ndalama. Usanasayine funsa zonse, safunsa anadya phula: malipiro a pamwezi ndi angati, alawansi ya ulendo ndi ingati ndipo ndi ya ndalama yanji, ukakhala pa boda masiku owonjezera amawonjezera kapena ayi, tayala likaphulika kapena katundu akashota amadula bwanji, penshoni amapereka? Nkhani ya ndalama yanji si yaing'ono, mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, amene alawansi yawo inali ya makwacha anangoona nsima ya ku Tete yakwera mtengo iwo ali mnjira. Ndalama za msewu, za ma toll ngati pa Chingeni ndi pa Kalinyeke ndi za kunja, zisunge padera ndi zako, ukaziphatikiza udzapezeka pa geti ulibe cholipira. Kabuku kakang'ono kolemba tsiku, malo, makilomita, malita ndi chilichonse walipira kamapulumutsa pa tsiku lowerengerana, chifukwa wa mu ofesi amakhala ndi kompyuta iwe uli ndi mutu wotopa. Lowanso mu bungwe la madalaivala, Professional Drivers Union of Malawi ilipo, mu 2021 madalaivala ataimika mathiraki pa nkhani ya malipiro mafilingi anauma masiku ochepa okha, dziko linadziwa kuti mafuta sabwera okha. Ndipo alawansi ikatsalako usamalizire ma jekete a ku Joni, gula malata pang'onopang'ono, ntchito iyi imafuna maso ndi msana, zonse ziwiri zimatha.

Ukafika kotsitsa ulendo sunathe. Silu asadule iwe palibe, ijambule kaye ili yonse nambala ikuoneka. Ima pomwepo akamatsitsa uziwerenga nawo, thumba long'ambika lilembedwe kuti lang'ambika osati lasowa, ndipo usatulutse galimoto pa geti POD, pepala lotsimikiza kuti katundu wafika, isanasayinidwe ndi kudindidwa, dzina la wolandira likuwerengeka, ujambulenso utumize ku ofesi nthawi yomweyo. Pepala limenelo ndi lomwe kampani ikalipidwire, likasowa udzabwerera wekha pa minibasi kukalifuna. Ukatero lemba zonse zomwe galimoto imadandaula mnjira upatse amakanika, kaya ndi kampweya kotuluka, kaya tayala lodyeka mbali imodzi, usunge kope yako. Nthawi zambiri usanafike nkunyumba komwe foni imalira, akuti pali lodi ya fodya ya ku Beira inyamuke mawa mmawa. Ine ndimayankha kuti ndamva bwana, galimoto ili ku garaja mawa, ndinyamuka mkuja 4 koloko.